Wolemba Dothi

Ku Ngabu, kuseri kwa dipi ya ng'ombe,
tinaimika makina dzuwa lisanakwiye.
Ntchito yanga ndi kulemba dothi:
mita iliyonse nditape kadzanja ka zotuluka m'dzenje,
ndiyale pathabwa, mulu ndi mulu,
ngati wogulitsa matimati pa Dyeratu.

Poyamba makande akuda, okonda thonje.
Kenako mchenga. Kenako dongo lotuwa, lolawa mchere.
Mchenga winanso. Timiyala tosalala
tomwe madzi anatiseweretsa kalekale
kuno komwe Shire lero sadziwako njira.
Pa mamita makumi anayi ndi asanu ndi awiri
panatuluka kachigoba ka nkhono,
kochepa ngati chikhadabo cha khanda.

Madzi aja anatenga mbuzi zanga ku Makhanga
anasiya matope ofika m'akakolo basi.
Ndiye werengani nane, abale:
akakolo angati kuti ndikafike pa nkhono iyi?

Lamulungu ndimavala tayi.
Timakumana pakhonde la a Sozinyu ku Nchalo,
Oyera Mtima khumi ndi atatu, mipando isanu ndi umodzi.
Anyamata a malaya oyera amene anandibatiza
anandiuza kuti Adamu ndiye kholo loyamba,
kuti imfa inalowa ndi kugwa kwake.
Koma nkhono yanga inafa liti?
Inafa yokha mumdima, isanamve za chipatso.

Mwana wanga Fulukiya ali folomu folo.
Wabwera ndi kope lojambulamo zigaza zisanu,
chipumi chikunka chikwera, chibwano chikubwerera.
Akuti, bambo, si kuti tinabadwa kwa nyani,
ndi msuweni chabe, agogo ndi amodzi.
Ndinaseka. Koma pa Lengwe ndinaonapo nyani
akuchotsa munga kuphazi kwa mwana wake,
ndipo sindinaseke.

Ndinawafunsa a Sozinyu. Anapukuta magalasi nthawi yaitali.
Akuti, Semba, ife sitiphunzitsa
kuti Atate analenga kuchokera pachabe.
Anasonkhanitsa zomwe zinalipo, nazikonza.
Woumba njerwa saumba dothi.
Za momwe anakandira thupi, ndi kwa zaka zingati,
zimenezo sanatiuze.

Ndinapita nazo kunyumba ngati thumba lobooka,
zina zikutayika m'njira.
Chimene chinatsala ndi ichi:
amati ndisanabadwe ndinalipo,
mzimu pakati pa mizimu, kwa Atate,
ndikudikira thupi ngati wodikira bwato pa Chiromo.
Ngati n'choncho, mwina ndinaona ndekha
chigwa chino chikutitimira, phiri la Thyolo likutsala m'mwamba,
nkhono ikugona pansi, matope akuifunditsa,
zigaza za Fulukiya zikudzuka pang'onopang'ono
mpaka wina anaimirira, napemphera,
napatsidwa dzina.
Ndinaona, n'kuiwala pobadwa.

Sindikunena kuti zalumikizana.
Mapaipi ena ndimamanga ndi mphira,
amadontha, koma madzi amafika.

Pa mamita makumi asanu ndi awiri dzenje linatsokomola,
linalavula thope, kenako madzi.
Amayi a m'mudzi analuluta asanalawe.
Ine ndinalawa: mchere pang'ono, womweka.
Madzi akale kuposa dzina la aliyense pano
akutsika pakhosi pa mwana wa dzulodzuloli.

Nkhono ija ndinaikulunga m'kapepala ka shuga.
Ili m'buku langa la malemba,
pa tsamba lomwe Adamu akutuluka m'munda.
Buku silitsekeka bwino tsopano.
Ndimalinyamula choncho.