Kodi Zakwanira?

Magetsi athima nthawi ili sikisi koloko,
Chilobwe yense wangoti bii,
kupatula jenereta ya pa bala ikutsokomola kumtunda.
Ine ndili patebulo, foni ndailuma m'mano kuti iwunike,
tsamba handiredi fote lili yasa pamaso panga.

M'thumba muli mikanda, ina yofiira, ina yoyera.
Ukapisa dzanja utatsinzina,
kodi mwayi wotola wofiira uposa theka?

Sakufuna nambala, anatero a Chikuse Loweruka lija
m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala ku Ginnery Corner,
choko chitawayeretsa mpaka m'zikhadabo.
Akufuna udziwe ngati zomwe wapatsidwazo zikwana kuyankhira.
Mphindi ndi ziwiri basi.
Ukaona kuti njira ikafika, usayende nayo, ima pomwepo.

Mfundo yoyamba: yofiira ilipo isanu ndi itatu.
Nanga yoyera? Zii.
Mwina ndi iwiri, mwina ndi yodzaza lichero.
Payokha siikwana.
Ndidula A, ndidula D.

Mfundo yachiwiri: yoyera ichepa ndi itatu kwa yofiira.
Apa dzanja liyabwa,
lifuna kukwatitsa mfundo ziwirizi, lilembe C, likagone.
Koma a Chikuse amati iwala.
Iwala yoyamba ija ngati sunaione,
ulowe m'yachiwiri uli chimanjamanja.
Ndiiwaladi.
Yofiira ikachuluka, kaya ndi makumi kaya ndi chikwi,
theka yalipitirira kale.
Yokhayi yakwana.
Sindikudziwa kuti m'thumbamo muli mikanda ingati
komabe ndayankha.

Kuseri kwa katani achemwali atembenuka pabedi.
A Ndaziona, amene mabelo a kaunjika mu msika wa Limbe
anawathyola msana kuti ine ndifike ku Poly,
amene anasintha makwacha a miyezi inayi
kukhala madola a mayeso awa,
tsopano mpango wawo umakhala pamutu usiku ndi usana.

Lachitatu ku Kwinzi adokotala anavula magalasi
n'kunena moyang'ana pafayilo:
mwa anthu khumi otere, asanu ndi awiri amachira.
Ndinagwedeza mutu ngati ndili m'kalasi.
Imeneyo ndiye mfundo yoyamba.
Siinena kuti iwo ndi mkanda uti.

Yachiwiri ndaisonkhanitsa ndekha:
lero amwa phala theka la kapu,
anyoza kondakitala wa minibasi ya ku Zingwangwa mpaka ine kuseka,
afunsa ngati nsapato zakuda zija zagulidwa.
Ndayesa payokha, siikwana.
Ndaziphatikiza zonse ziwiri, kutembenuza uku ndi uku,
ziro, theka, chimodzi,
ndipo buku likanati E,
ndi mtima woti phee, n'kupita ku funso lotsatira.

Bukuli silidziwa kuti ndikakhoza ndidzakwera ndege pa Chileka.
Silifunsa kuti mankhwala a naini koloko adzapereka ndani.
Kumapeto kwake kuli mayankho onse,
ndaonako kawiri,
la funso ili mulibe.

Iwe, ukuwerenga kapena ukulira?
Mawu atuluka kuseri kwa katani, owuma koma aukali wakale.
Ndikuwerenga, achemwali.
Werengadi, madola aja sanagwe mu mtengo.

Pomwepo ana a mu mzere wathu akuwa, Ayaka! Ayaka!
Firiji ya aneba ibuula, wailesi iyambira pakati pa nyimbo,
babu lathu liphethira kawiri lisanalimbe mtima.
Ndilavula foni, ndizunguliza B,
pensulo iboola pepala.

Kwatsala masiku khumi ndi limodzi, mafunso sikisite.
Ndiimirira, ndikatunga madzi m'ndowa,
mapiritsi awiri oyera, limodzi lofiira, pachikhatho.
Awa sinditola motsinzina.
Ndiwerenga, ndiwerenganso,
ndikankha katani.