Kachubu ka Nambala Naini

Ku Bembeke nkhungu siidzuka msanga.
Njinga zimamveka zisanaoneke,
zigubu zikugundana pamtsetse,
ndi chifuwa cha a Kamphinda, malume anga,
chomwe ndachidziwa kuyambira ndili ku pulayimale.

Ntchito yanga ndi yaing'ono ngati dontho.
Ndimatapa mkaka ndi kapaipi
n'kudonthezera m'timachubu khumi ndi tiwiri
momwe mwagona tizilombo toweta dala,
paphala la mtundu wa duwa la jakaranda.
Kenaka m'kabokosi kotentha, madigiri sikisite folo,
maola atatu, jenereta ikalola.

Kuno zinthu n'zotembenuka.
Tizilombo tikadzuka, tikadya, tikaswana,
phala lija n'kusanduka chikasu,
ndiye kuti mkaka uli bwino, upite kwa ana.
Tikapanda kudzuka, jakaranda n'kukhala chikhalire,
muli mankhwala.

Lero khumi ndi kamodzi tachita chikasu.
Ka naini kakana.

Ndabwereza. Ndaviika kapepala koyezera,
ndadikira mzere wachiwiri ngati minibasi ya madzulo.
Sunabwere.

Ndikudziwa kale chachitika.
Mwatitha anatupa bere, alangizi anam'baya penisilini,
nati masiku anayi muzikama n'kuthira pansi.
Koma fizi ya Tiyanjane ikufunika Lolemba,
ndipo mkaka wa mankhwala ndi woyera ngati unzake,
sununkha, suwawa palilime.
Malume anawerenga awiri, nati akwana.

Ndi iwowa anagulitsa kachewere wa dimba lonse
kuti ine ndikaphunzire kugwira kapaipi aka.

Atsamira pazenera, chipewa cha ulusi chili m'manja.
"Mphwanga, zatheka?"
Bolopeni yalemera.
Ndikuganiza za mwana wa ku Kawale amene sindidzamuona,
chibayo chitam'gwira, anamwino akubaya, akubayanso,
mankhwala osagwira
poti tizilombo tinawalawa kale pang'onopang'ono m'kapu ya tiyi,
tinawazolowera.

Ndalemba: wakanidwa, malita khumi ndi asanu ndi atatu.

Sanandikalipire.
Apempha kachubu, akakweza kudzuwa
lomwe langoyamba kuboola nkhungu cha kuphiri,
akatembenuza uku ndi uku.
"Kanthu kochepa chonchi, kukhala ndi maso?"
Amanga chigubu pakaliyala ndi mphira,
mfundo zitatu m'malo mwa ziwiri.
"Lachisanu ndibweranso. Udzayezenso."

Njinga yatsika osakwerapo, akuikankha.
Ine ndasamba m'manja kawiri
ngakhale munalibe kanthu.