Mizere ya Phulusa

Ndine amene ndinkalemba mizere.
Loweruka lililonse, dzuwa la Mangochi lisanayambe ukali,
ndinkatapa phulusa pa uvuni wa njerwa wa Che Likaomba,
kulithira m'chitini choboola kunsi,
n'kuyenda chafutambuyo, chingwe cha khonje chili pansi,
mpaka bwalo litadziwa malire ake.

Silinali lowongoka, ndivomere.
Mbali ya kumzikiti inali yotsetsereka,
moti ochinyira kumeneko chigawo chachiwiri
ankati Mulungu ali nawo.
Pakona panali chulu. Tinachigumula kanayi,
kanayi konse chiswe chinamanganso.
Magolo anali a bulugamu.
Ukonde tinachita kupempha kwa asodzi a ku Malombe,
unanunkha kambuzi mpaka dzinja lachitatu.

Twaibu pagolo, wopanda magolovesi,
ankalavulira m'manja penate isanamenyedwe.
Mdoka, nambala naini, ankasewera ndi nsapato imodzi,
inayo ili kuphazi la mng'ono wake wa kumapiko.
Woyimbira anali ndi wotchi yakufa,
nthawi ankaifunsa kwa mthunzi wa mlambe
umene ana opanda tambala ankadzadza ngati mileme.
Tsiku lomwe tinagonjetsa a ku Namwera
Asiyatu anakongoza thobwa lonse, mtsuko wathunthu,
ndipo mpaka lero ena sanalipire.

Kenaka kunabwera a zipewa zolimba.
Anayeza tsidya la msewu, anakumba, anathira simenti,
khoma linakula kuposa mlambe wathu.
Ndinapita ndi chitini changa kukafunsa ntchito.
Mnyamata wa tayi anandionetsa kangolo ka mateyala
kamene kamalavula laimu kosapindika ngakhale pang'ono.
Anati, madala, pumani.

Bwalo lakale analidula mapuloti.
Pamene Twaibu anathyokera mkono pali chigayo.
Pakati penipeni, poyambira mpira,
mnyamata wina amatchaja mafoni.
Bulugamu wa golo lakummawa
anathera pansi pa chiwaya cha tchipisi.

Ndinalumbira kuti kwatsopanoko sindidzapondako.
Ndinasunga lumbirolo zaka zitatu,
mpaka Dunia, mwana wa mwana wanga wamkazi,
anabwera ndi jezi ya nambala sikisi
n'kuti, agogo, mawa timenya ife.
Pabwalo langa lija mtsikana sankaponda mzere,
ndipo amene ankawathamangitsa ndi chingwe cha khonje
ndinali ine.

Pageti ndinapeza Twaibu, wa imvi, akung'amba matikiti
ndi mkono wake wokhota uja.
Sanandiyang'ane kumaso. Anangokankha chitseko ndi bondo.
Ndinakhala pasimenti yotentha.
Mizere inali yoyera, yowongoka, yondichititsa nsanje.
Dunia anaponya mpira kuchokera pamzere wam'mbali,
zala zakuphazi zili kunja monga mwa lamulo,
ndipo ndinamva mawu anga akukuwa pamodzi ndi a anthu ena.

Koma mukadzadutsa kuseri kwa chigayo mvula yoyamba itagwa,
mudzayang'ane pansi.
Phulusa la zaka makumi awiri silinapite kulikonse.
Bonongwe amamera mondondozana,
wobiriwira kuposa yense,
kuchoka pachimbudzi cha msika kukafika pampanda wa Che Mbwana,
n'kukhota pomwe panali chulu.
Amayi amathyola ndiwo pamenepo m'mamawa,
mmodzi kutsogolo kwa anzake onse,
osadziwa kuti ali pa ofusayidi.