Masamu a Chikole

Ndinalowa m'nyumba yanu mwezi wa Meyi, a Msakambewa,
fumbi la soya likutsokomoletsa Kamwendo yense.
Munati miyezi iwiri ya lendi, pamwamba pake chikole,
zikwi makumi asanu ndi limodzi.
Munaziwerenga kawiri mukunyambita chala
n'kulemba kuseri kwa kalendala ya kusitolo ya feteleza.
"Ndalama iyi sidyedwa," munatero,
"imangogona, potuluka mudzaidzutsa."

Zaka zinayi ndinagona pansi pa malata anu obooka,
beseni kumutu, chidebe kumiyendo.
Phula womatira ndinagula ndekha.
Loko ndinagula ndekha.
Chimbudzi chitatitimira ndi mvula ya Febuluwale
mlamu wanga anakumba china
inu mukuonerera, mwendo umodzi uli panjinga.

Tsiku lotuluka ndinasesa, ndinakolopa, ndinabweza makiyi.
Inu munalowa ndi tochi dzuwa likuswa mtengo
kudzasaka milandu pakhoma.
Msomali pomwe panali galasi: zikwi ziwiri.
Mwaye pakhonde.
Dontho la mafuta a makina anga osokera.
Ndiye timizere ta makala pamphuthu ya chitseko,
pomwe ndinkayeza msinkhu wa Lonjezo chaka ndi chaka,
munati kumeneko n'kuwononga penti,
penti amene khomalo silinamuonepo chimangidwire.

Tinapita kwa a Chimbalanga, mkhalapakati,
aja anapuma ntchito ku positi ofesi,
amamvera milandu pansi pa mthethe kuseri kwa chigayo.
Asanatsegule pakamwa, chabwalo: zikwi zisanu aliyense.
Lolemba simunabwere, munali kumaliro ku Mkanda.
Chabwalo changa chinapsa.
Lachinayi ndinalipiranso,
kuwonjezera kabaza wa mboni yanga,
fanta wa mboniyo, mayunitsi okuimbirani
foni yanu ikungoti yesaninso nthawi ina.
Tsiku lililonse pabwalo, makina anga ali chete,
mayunifolomu a ana a eni ali mulu osapinda m'munsi.

Ulendo wachitatu a Chimbalanga anafunsa lisiti.
Ndinati lili kuseri kwa kalendala.
Inu munati kalendala ija inatha ndi chaka chake,
mayi akunyumba anakutira makope a adzukulu.
Anthu anaseka. Inenso ndinaseka,
poti kulira pamaso pa odikira mgaiwa sindikanatha.

Kenako munavula chipewa
n'kuyang'ana zala zanu za kumapazi:
"Ndalama ija inalowa m'munda chaka chomwe chija.
Matumba awiri a feteleza. Mvula inadula."
Ndiye kuti sinagone ngakhale usiku umodzi.
Inakapsa ndi ng'amba pamodzi ndi chimanga chanu
ine ndikuiwerengera ngati mbuzi yoikiza m'khola la mnansi.

A Chimbalanga ananyema mlandu ngati chinangwa chootcha:
theka kwa inu chifukwa cha khoma,
theka kwa ine, mudzapereke soya akagulidwa,
pang'onopang'ono, poti nanunso ndinu munthu.
Pepala la chigamulo ndi chidindo chake: zikwi zitatu,
wolipira ndi amene anadandaula.

Usiku ndinatenga choko cholembera nsalu
n'kumachotsera pathabwa lodulira.
Makumi atatu, kuchotsa chabwalo katatu,
kabaza, fanta, chidindo, masiku osasoka.
Zatsala zikwi zinayi,
ndipo zikadali m'munda mwanu,
sizinamere n'komwe.

Dzulo ndinadutsa panyumba paja.
Munalowa mnyamata wogulitsa masimu kadi.
Mizere ya Lonjezo ikadalipo, simunapakepo kanthu.
Mpapaya ndinabzala kuseri kwa bafa uja wabereka,
ndipo mnyamatayo, mwaulemu wake,
anathyola papaya limodzi
n'kundigulitsa pamtengo wachibale.

Ndinamufunsa ngati anapereka chikole.
Anati eya, mayi, osadandaula,
bambo aja ndi olongosoka,
analemba ndithu, ine ndikuona,
kuseri kwa kalendala.