Mano a Khoma

Twaibu anabwera wopanda pepala.
Anakhala pa njerwa yosweka pansi pa msangu
n'kundifunsa:
Mukadzuka m'mawa, phazi limayamba kuloza kuti?

Ndinaseka.
Ndinaitana mmisiri ine, osati wapolisi.

Sanasiye.
Makina osokera mumakonda kuwaika mbali iti?
Obweretsa nsalu amagogoda kapena amangosuzumira?
Mpunga mukakolola umagona m'nyumba miyezi ingati?
Ataona njinga ya mlongo wanga Likisho,
ya mateyala atatu, yopalasa ndi manja ija,
anatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza iyo
asanayeze malo.

Nyumba tinailemba pansi ndi phulusa.
Likisho anayendamo chipinda ndi chipinda,
teyala likufufuta mzere apa, apo,
ndipo paliponse linafufuta
Twaibu anasuntha khoma.
La phulusa silikana kusuntha, anatero,
la simenti limafuna ndalama ndi misozi.

Anthu a pa Kaphatenga sanachedwe.
Khomo ngati la galaja, muli ndi galimoto kodi?
Khonde lopanda masitepe, njerwa zinachepa?
Ife chete.
Okutobala atafika, dzuwa la ku Salima likuwamba malata,
mphepo inkalowa pa windo ili
n'kutulukira pa linzake
osapempha njira.
Febuluwale madzi anazungulira maziko,
ananunkhiza, nabwerera.

Koma chimene chinkandichititsa manyazi
ndi khoma la kum'mawa:
njerwa zotulukira kunja, ina inde, ina ayi,
ngati mano a mwana wa sitandade wani.
Malizitsani, ndinamuuza.
Iye anapukuta chipande pa thalauza.
Mawa lanu simukulidziwa, mayi,
nyumba musaitseke pakamwa.

Zaka zinayi mano aja anangogwira fumbi,
abuluzi akuwotherapo dzuwa.
Kenako anabwera atsikana atatu ofuna kuphunzira kusoka,
makina anayi m'chipinda chimodzi,
zigongono kugundana, ulusi kukolana.

Twaibu anali atasamukira ku Dwangwa.
Tinapeza mnyamata wina, Fakili,
amene anayang'ana khomalo nthawi yaitali
n'kuseka yekha.
Njerwa zake zinalowa m'mipata ija
ngati zinapangana kale.

Tsiku lomaliza anandifunsa ngati asalaze kumapeto.
Ndisanatsegule pakamwa
Likisho anayankha ali pakhonde,
manja ali pa zopalasira:
Siyani mano.