Inalira Lachiwiri

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi
pamene ndinaiona koyamba ku Ulongwe,
tauni ikadali ndi dzina la Apwitikizi:
Pijo yakuda, yamphuno yozungulira ngati ya thole,
itaima pakhomo pa sitolo ya Albano
amene ankagula kachewere wa bambo anga.
Anandiponyera kansanza, n'kundilozera chidebe.
Malipiro anga anali kudziona nkhope pachitseko chake
ndi fungo la mpando wachikopa dzuwa likautentha.

Albano pothawa anasiya makiyi pamsomali.
Ndinadzaigula kwa mlonda wake ndi mbuzi zinayi,
anthu n'kumati Fabiyao mutu wasokonekera.
Kenako nkhondo.
Tinaikankhira m'chigafa cha fodya, ine ndi mlamu wanga Zakeyu,
n'kuikwirira ndi mapesi,
ife n'kuwoloka msewu kukadya ufa wam'matumba ku Lizulu.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkailota.
Rozalina ankati, anzako akulota minda.

Pobwerera tinapeza chigafa chitagwa.
Zakeyu sanabwerere nafe, anagona konko.
Njuchi zinali zitamanga mu buti,
makoswe atatha mawaya onse,
ndipo chipolopolo china chosochera
chinali chitaboola chitseko ndinkadzionera chija.

Ndinayamba ndi mabawuti.
Lililonse kuliviika m'palafini, m'zitini zakale,
n'kulemba ndi khala pakhoma malo amene ndalichotsa.
Kabureta ndinakaipeza ku Moatize
pansi pa mulu wa zitsulo, fumbi la malasha lili bii,
wogulitsa osadziwa n'komwe chimene akugulitsa.
Nyali imodzi inabwera pa basi kuchokera ku Beira
itakulungidwa m'chitenje.
Inayo mpaka lero si yake, nja thalakitala,
ndiye usiku imayang'ana ngati munthu wotupa diso.

Ng'ombe ziwiri zinathera mu injini.
Rozalina anasiya kuwerenga.
Komatu mipando anasoka ndi iye,
ndi singano yosokera matumba,
sabata yonse osandilankhula.

Inalira Lachiwiri, mvula itangokata.
Adzukulu ndi anzawo anaikankha potsetsereka kumsika,
ine giya yachiwiri, phazi likunjenjemera pa kilatchi.
Inatsokomola kawiri, n'kulavula utsi,
kenako mawu omwe aja
amene ndinawamva komaliza ndikadali ndi mano onse.
Amayi ogulitsa tomato anathawitsa madengu.
Ine ndinaiwala pali buleki
mpaka pa chigayo cha a Ndawala.

Mkulu wina wa ku Maputo wabwera kawiri
ndi envulopu yonenepa.
Ndamupatsa mpando ndi madzi akumwa.

Maso anga salolanso msewu wotsikira ku Tete,
ndiye timangozungulira bwalo la mpira Lamulungu,
Rozalina pambali panga
atagwira chitseko chimene sichitsekeka bwino,
akudandaula za mtengo wa petulo.

Bowo la chipolopolo sindinalimate.
Mdzukulu wanga Telvina amapisamo chala akamatsuka,
ndipo dzulo ndinamupeza ataima duu,
kansanza kakudontha m'manja,
akudziyang'ana pamenepo.