Loja

Eni ake anakwera basi ya ku Joni,
geti atakhoma ndi maloko awiri.
Galuyo anatsala kunja, akununkhiza fumbi.
Sabata yachitatu nthiti zinayamba kuwerengeka.

Ine ndilibe bwalo.
Ndimachita lendi kachipinda kuno ku Dzivarasekwa,
komwe madzi timawaimira pamzere tambala asanalire.
Komabe ndinadula chigubu pakati:
makapu awiri patsiku, pansi pa mpeyala.

Tapfuma wa pabutchala amakulunga mafupa m'nyuzipepala,
amvekere, "Za mlendo wako uja."
Mwana wanga Ndaziona amamuzula nkhupakupa m'makutu
n'kuziponya m'chitini cha palafini.
Chisanu cha Juni chitaluma,
Mai Nyamayaro, omwe ankamugenda aja,
anaponya katoni ndi juzi yakutha pampanda
osanena kanthu.

Tsiku la katemera wa chiwewe kombi inatikana.
Ndinamukankha pa wilibala,
anyamata apakona akufa nacho chiseko.

Tinamutcha Loja.
Bambo anga atangofika kuchokera ku Dedza
anagonanso pakhonde la eni
mpaka wina anawatulutsira madzi.

M'mawa ndikamaweruka ku ulonda
amandichingamira, mchira pukupuku.
Koma basi ikangolira kumsewu
amathamangirabe ku geti lija.